Majete ndi Nyumba Zake za Alendo

Aliyense amene anatsikapo zitunda za Thabwa kuchokera ku Blantyre, naona chigwa chitayalika kunsi kwake, mtsinje wa Shire ukuyenda mosafulumira pakati pa minda ya nzimbe, ya thonje ndi ya mapira, mphepo yotentha ikumchingamira asanafike n'komwe pa mlatho wa Kamuzu, adziwa kuti Chikwawa ndi Nsanje ndi dziko losaiwalika. Koma si onse adziwa kuti dziko limeneli, limene anthu akumtunda amalitchula kawirikawiri pokamba za madzi osefukira, za udzudzu ndi za njala, ndilo linali khomo lalikulu lolowera alendo m'dziko lathu, ndiponso kuti lero lino, m'kati mwa nkhalango ya Majete, muli nyumba za alendo zimene mbiri yake yamveka kutsidya kwa nyanja. Mbiri ya Majete yakambidwa kambiri monga mbiri ya nyama zimene zinatha ndi kubwezedwanso, ndipo n'koyenera kutero. Ife pano tifuna kuikamba monganso mbiri ya alendo ndi ya iwo amene amawalandira, pakuti nkhalango yopanda mlendo siitha kulipira alonda ake, ndipo mlendo amene sanalandiridwe bwino sabwera kachiwiri.

M'chaka cha 1859 Dr. David Livingstone anakwera mtsinje wa Shire pa sitima yake yaing'ono yotchedwa Ma Robert, nadutsa m'dambo lalikulu la kumtunda kwa Chiromo, m'mene anaona njovu zokwana ngati 800, chifukwa chake analitcha Elephant Marsh, napitirira ulendo wake kufikira pamene miyala ndi mkokomo wa madzi zinamletsa, pa mathithi a Kapichira, amene lero ali m'malire a Majete. Pafupi ndi mathithi omwewo pali manda a Richard Thornton, mnyamata wodziwa za miyala amene anali m'gulu la Livingstone, namwalira mu Epulo 1863. Amakololo amene anadza ndi Livingstone kuchokera ku Zambezi anakhazikika m'chigwachi pakati pa Amang'anja a Lundu, nasanduka mafumu amene maina awo tiwamva kufikira tsopano, Kasisi, Katunga, Maseya ndi Mlilima. Ndipo pamene amishoni a ku Scotland anafika mu 1875 ndi sitima yawo Ilala, motsogozedwa ndi E. D. Young pamodzi ndi Dr. Robert Laws, anali mafumu amenewa amene anasonkhanitsa amuna mazanamazana kuti asenze zidutswa za sitimayo pamutu ndi pamapewa, kulambalala mathithi onse, kukaitula kumene madzi adekha.

Kuyambira pamenepo chigwa chinasanduka msewu. Kampani ya African Lakes, imene makolo athu anaitcha Mandala, itakhazikitsidwa mu 1878, sitima zake zinali kutsitsa anthu ndi akatundu padooko la kwa Katunga, ndipo kuchokera pamenepo mlendo ananyamulidwa pa machila, amtengatenga ali pambuyo pake ndi mabokosi, kukwera zitunda kufikira ku Blantyre. Chiromo ndi Port Herald, imene ndiyo Nsanje ya lero, anali madooko a piringupiringu. Koma njanji itatha kumangidwa kuchokera ku Port Herald kufika ku Blantyre mu 1908, mlendo analeka ngakhale kuponda dothi la Chikwawa. Ndipo pamene mahotela anayamba kumangidwa, monga ya Ryall imene inatsegulidwa mu 1922, anamangidwa kumtunda kozizira, kumene Azungu anakonda kukhala. Akulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndipo m'chigwa muno mwambiwo unakwaniritsidwa mowawitsa mtima: agogo athu anasenza alendo, nawapalasira ngalawa, nawaphikira panjira, koma kumene alendowo anagona ndi kusiya ndalama zawo kunali kwina.

M'zaka zomwezo nyama za m'chigwa zinali kuchepa. Osaka minyanga anamaliza njovu za ku Elephant Marsh, minda ya thonje inakula, midzi inachuluka, ndipo nyama zotsala zinathawira kumiyala ndi kumagomo a kumadzulo kwa Shire, kumene khasu silinakonde kufika. Boma la atsamunda linapatula Lengwe mu 1928 pofuna kusunga boo. Ndipo pambuyo pake, chifukwa cha khama la G. D. Hayes ndi anzake a bungwe la Nyasaland Fauna Preservation Society, dera lozungulira phiri la Majete linaletsedwa kusakamo mu 1951, nilisanduka nkhalango yotetezedwa ndi lamulo mu 1955. M'chaka cha 1969, dziko litadzilamulira, malire ake anakuzidwa kuti afike kumtsinje, kumene nyama zipeza madzi m'chilimwe, kotero kuti kukula kwake kunafika pafupifupi mahekitala 70,000. Tisabise kuti kwa anthu a m'midzi yozungulira, amene makolo awo anachita uzimba, nafula njuchi, nadula milimo ya nyumba ndi kukumba mankhwala m'thengo lomwelo, lamuloli linamveka lolemetsa. Pakuti linawatsekera khomo popanda kuwatsegulira lina, ndipo alonda a nkhalango, a gemu, anaonedwa monga adani, osati abale.

Udani wotere subala chipatso chabwino. Cha m'ma 1988 m'Majete munali njovu zoposa 200, koma m'masiku amenewo nkhondo ya ku Mozambique inali itakula, othawa nkhondo anadzaza Nsanje, Chikwawa ndi Mwanza, mfuti zinachuluka m'dziko, njala ndi umphawi zinakankhira anthu kuthengo, ndipo alonda anali ochepa, opanda galimoto ndi opanda zida zokwanira. Pofika 1992 njovu zonse zinali zitatha. Njati, ntchefu, mbidzi ndi mphalapala zinatsata njira yomweyo, mikango ndi zipembere zinali zitazimirira kale, makhwekhwe a waya ndi mbuna zinali ponseponse, ndipo utsi wa nthutu za makala unali kukwera m'malo mwa fumbi la nyama za m'thengo. Pofika chaka cha 2003 nkhalango yonseyo inali ndi alonda 12, ndipo panali patapita zaka zitatu popanda mlendo ndi mmodzi yemwe wolowa pachipata chake.

M'mwezi wa Malichi chaka chimenecho boma la Malawi, kupyolera mu nthambi yake yoona za nkhalango ndi nyama zakuthengo, linachita pangano la zaka 25 ndi bungwe la African Parks, limene linali litakhazikitsidwa mu 2000, kuti bungwelo liyendetse Majete m'dzina la mtundu wa Amalawi, dothi ndi nyama zikhalabe za dziko. Mmodzi wa oyambitsa bungweli, Dr. Anthony Hall-Martin, anali atagwirapo ntchito m'Malawi pa unyamata wake, naphunzira zomera ndi nyama za ku Lengwe, kotero kuti chigwa cha Shire sichinali chachilendo kwa iye. Majete ndiyo inali nkhalango yoyamba imene African Parks inalandira mu Africa monse, ndipo ambiri anakayika, nati n'kutaya chuma kuthira m'thengo lopanda kanthu. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Mpanda wa magetsi wa makilomita pafupifupi 140 unamangidwa kuzungulira nkhalango yonse, kuti nyama zisaononge minda ndi kuti opha nyama asalowe mwachisawawa; misewu inalambulidwa, alonda analembedwa ntchito ndi kuphunzitsidwa; ndipo nyama zinayamba kufika pa malole. Zipembere zinadza mu 2003. Njovu 70 zinachokera ku Liwonde mu 2006, zina nizitsatira mu 2008. Mu 2009 njovu 83 za ku Phirilongwe m'boma la Mangochi, zimene zinali kusautsa anthu m'midzi, zinasamutsidwira kuno. Anyalugwe anafika mu 2011 ndi mikango mu 2012, kuchokera ku South Africa. Akadyansonga anadza mu 2018, akakwiyo mu 2019, ndi mimbulu mu 2021. Mwa Amalawi amene anatsogolera ntchitoyi tiyenera kutchula a Patricio Ndadzela, amene anayang'anira Majete, pambuyo pake nakhala mkulu wa African Parks m'dziko muno.

Tsono nyama zitabwera panafunika ozionera, ndipo ozionera afuna pogona, madzi osamba ndi chakudya. Nyumba yoyamba inali Thawale, msasa wa matenti akuluakulu omangidwa moyang'ana thamanda limene nyama zimadzamwapo, kotero kuti mlendo atha kukhala pakhonde naona njovu, njiri ndi boo zikusinthana pamadzi. Pafupi ndi chipata panakonzedwa malo okhomapo matenti a alendo a m'thumba mochepa, amene phindu lake lipita kwa anthu a m'midzi yozungulira, ndiponso malo odyera otchedwa Mwembezi, oyang'ana ku Shire. Kenaka, m'chaka cha 2011, kampani ya Robin Pope Safaris, imene inayambira ku chigwa cha Luangwa m'dziko la Zambia, inatsegula loji ya Mkulumadzi pafupi ndi mathiriro a mtsinje wa Mkulumadzi mu Shire, pansi pa mithunzi ya mitengo ikuluikulu. Ili ndi nyumba zogona 8, zimene madenga ake anadzalapo zomera kuti m'kati muzizizira, ndipo mlendo pofika asiya galimoto tsidya lino, nawoloka pa mlatho wolenjekeka wa oyenda pansi. Potero Chikwawa, amene kwa zaka zoposa 100 anali pongodutsa, anakhala ndi nyumba ya alendo yoyenera kuyerekezedwa ndi zapamwamba za maiko ena.

Kuyambira 2006 kufika 2009 wailesi ya kanema ya BBC ku Britain inaonetsa sewero lotchedwa Hotel Babylon, lochokera m'buku la Imogen Edwards-Jones, lonena za antchito a m'hotela yapamwamba ya mu London. Linali sewero losangalatsa anthu, lodzala ndi zibwenzi, zachinyengo ndi zilakolako za anthu achuma, ndipo zambiri za m'menemo siziyenera kutengedwa monga chitsanzo; koma chinthu chimodzi linachiona molunjika, ndicho chakuti linachotsa maso a oonera pa mlendo wolemera, niliwaika pa manijala, pa wolandira alendo, pa woperekera zakumwa ndi pa mayi woyang'anira zipinda, amene ndiwo hotela yeniyeni, ngakhale mlendo sasunga maina awo. Ngati anthu a ku London anaona kuti moyo wa antchito otere ukwanira kudzaza zaka zinayi za sewero, nanga ife tidzanenanji za antchito a m'Majete, amene atumikira mlendo wa mtundu womwewo, wozolowera zabwino zomwezo, koma m'thengo la mikango, kutali ndi sitolo, ndi m'dziko limene m'mwezi wa Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40?

Lingalirani tsiku limodzi la nyumba yotere. Kusanache, nthanda isanazime, wophika wayatsa kale moto, buledi ali mu uvuni, tiyi ndi khofi zaikidwa m'mafulasiki, pakuti mlendo ayenera kutuluka kukaona nyama dzuwa lisanakwiye. Woyendetsa galimoto, amenenso ndiye wolongosolera alendo, waona kale matayala ndi mafuta. Iyeyo ayenera kudziwa phazi la nyalugwe ndi la fisi, kulira kwa nkhwazi ndi kwa nang'omba, mlambe, njale, tsanya ndi msimbiti, maina ake m'Chichewa ndi m'Chingerezi, ndiponso kuzindikira pa makutu ndi chitamba kuti njovu iyi ingoopseza, iyo yakwiya ndithu. Alendo akatuluka, okonza zipinda alowa kudzayala mabedi, kukunga maneti a udzudzu, kusesa ndi kuthamangitsa chinkhanira chimene chinabisala usiku; dobi ali pa madzi ndi simbi; amakanika ali pa mpope wa madzi ndi pa mabatire a magetsi a dzuwa; wosunga nkhokwe akuwerenga zotsala, podziwa kuti chimene chaiwalika ku Blantyre sichigulika patsidya pa msewu. Masana woperekera zakudya akumbukira kuti mlendo uyu sadya nyama, uyo mtedza umdwalitsa, winayo afuna madzi ake ozizira koposa. Madzulo wa bwato atsogolera alendo pakati pa mvuu ndi ng'ona. Ndipo usiku, onse atakhuta, mlonda aperekeza aliyense kuchipinda chake ndi tochi m'manja, akutchera khutu ku mtswatswa wa m'tchire. Wakwata kwa mphezi saopa kung'anima, ndipo anthu amenewa aphunzira kukhala ndi zilombo popanda kuzipeputsa.

Kunja kwa nyumbazo kuli ena amene mlendo sawaona konse, koma tulo take tatsamira pa iwo: alonda a nkhalango amene agona masiku m'thengo ndi mfuti ndi chikwama, otsata mapazi a zipembere tsiku ndi tsiku, ndi oyendera mpanda amene ayang'ana waya kuti mtengo sunaugwere kapena madzi sanaukumbe pansi. Chifukwa cha iwo Majete inakhala zaka zoposa 15 osataya chipembere kapena njovu m'manja mwa opha nyama mozemba, chinthu chimene nkhalango zambiri zotchuka za mu Africa sizitha kunena. Kumene kunali antchito 12 tsopano kuli oposa 100 olembedwa mokhazikika, ambiri a iwo ana a m'maboma ozungulira. Ndipo mutu umodzi susenza denga, pakuti wophika alibe ntchito popanda mlonda wosunga njovu, ndi mlondayo alibe malipiro popanda wophika wokondweretsa mlendo.

Pali ena pakati pathu amene ayesa ntchito yotumikira alendo ukapolo, pokumbukira masiku a machila ndi a khichini za atsamunda, m'mene mwamuna wa imvi anaitanidwa monga mwana. Kukumbukira kumeneko n'koona, ndipo sitikunyoza. Koma kulandira mlendo sikunadze ndi sitima. Mmang'anja ndi Msena anadziwa kalekale kuyala mphasa pamthunzi, kupereka madzi asanafunse malonje, kugwira nkhuku ngakhale ili imodzi yokha, kapena kuotcha makakana ndi kupakula nsima ya mapira kuti wapaulendo asagone ndi njala. Ndipo m'Malembo tiwerenga za Abrahamu, mwini chuma chambiri ndi antchito ambiri, amene anathamangira yekha kukhola kukasankhira alendo ake mwana wang'ombe, naimirira pambali pawo pansi pa mtengo pamene iwo anali kudya. Chimene chisiyanitsa utumiki ndi ukapolo si kunyamula mbale, koma zinthu zitatu: malipiro oyenera thukuta, ulemu wochokera kwa bwana ndi kwa mlendo, ndi khomo lotseguka lakuti wotsuka mbale lero akhale mkulu wa ophika mawa, ndi wolongosolera alendo akhale manijala. Pakuti tiyenera kunena poyera kuti mtengo wa usiku umodzi m'nyumba yapamwamba yotere uposa chimene mlimi wa thonje apeza m'miyezi yambiri, ndipo kusiyana kotere kupiririka pokhapokha ngati gawo looneka la ndalamazo litsala m'chigwa.

Pa ichi Majete yachitapo kanthu. Ana a m'midzi yozungulira alipiriridwa sukulu, alimi aphunzitsidwa kuweta njuchi ndi kugulitsa uchi, zitsime zakumbidwa, ntchito yolimbana ndi malungo yachitika mogwirizana ndi sukulu ya zaudokotala ya ku Blantyre, ndipo anthu a kwa Chapananga, kwa Kasisi ndi madera ena aloledwa pa nyengo yake kulowa kukamweta udzu wofolerera nyumba. Mzika ya dziko lino ilipira zochepa pachipata poyerekeza ndi wochokera kunja, ndipo ana asukulu amatengedwa kukaona ndi maso awo nyama zimene agogo awo anali kungowasimbira. Mayesero nawo sanalephere kufika. Mliri wa Covid-19 utabuka mu 2020, ndege zinaleka kutera, zipinda zinakhala zopanda anthu, ndipo zinaoneka poyera kuti nyumba yodalira mlendo wakutali yekha siikhazikika. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anagumula damu la Kapichira, nazimitsa makina amene apereka gawo lalikulu la magetsi a dziko lino, ndipo mu Malichi 2023 namondwe Freddy anadzetsanso maliro ndi chionongeko m'chigawo chonse cha kummwera. M'zonsezi Majete siinatseke mbiri yake.

Chipatso cha ntchitoyi chaoneka ngakhale kutali ndi Chikwawa. Boma litaona zimene zinachitika kuno, linapereka Liwonde ndi Nkhotakota m'manja mwa African Parks mu 2015. Ndipo pa ntchito yaikulu ya 2016 ndi 2017 yosamutsira njovu pafupifupi 500 ku Nkhotakota, Majete, imene mu 1992 inalibe njovu ndi imodzi yomwe, inapereka njovu zake zoposa 100. Akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo tivomere kuti nzeru ndi chuma zina zinadzadi ndi alendo. Koma manja amene anaimika mpanda, naulonda, nayala mabedi ndi kuphika chakudya, ndi manja a ana a dziko lino.

Chifukwa chake tinena kwa anyamata ndi atsikana a ku Chikwawa, Nchalo, Ngabu, Bangula ndi Nsanje: musaipeputse ntchito imeneyi, koma muiphunzire kufikira pamutu pake, kaya ku Malawi Institute of Tourism, kaya ku yunivesite ya Mzuzu, kaya pansi pa wophika wamkulu amene anaidziwa ndi manja, kuti tsiku lina mukhale oyendetsa ndi eni ake a nyumba zotere, ku Majete, ku Lengwe, ku Mwabvi ndi m'mbali mwa Elephant Marsh. Kwa eni nyumba za alendo tipempha kuti agule ndiwo, zipatso, uchi ndi nsomba kwa alimi ndi asodzi a m'chigwa, ndi kukweza m'maudindo iwo amene atumikira mokhulupirika. Kwa mafumu athu tipempha kuti apitirize kuuza anthu awo kuti khwekhwe limodzi lipha malipiro a mabanja ambiri. Ndipo inu owerenga, amene mukhala ku Blantyre, makilomita 70 okha kuchokera pachipata cha Majete, kapena pafupi koposa apo, musadikire kumva za nkhalango yanu kwa munthu wochokera ku London: tengani ana anu, tsikani Thabwa, kaoneni njovu zanu, ndipo amene akakupatseni madzi akumwa mukamfunse dzina lake ndi kumthokoza.